Magazi Olembedwa Dzina la Isaki

Pofika mwezi wa Julayi chaka cha 1960, Edina anali atatha milungu isanu ndi iwiri osathira mchere m'ndiwo za pakhomo pake. Nkhuni ankatola yekha, moto ankasonkha yekha, koma ikafika nthawi ya mchere ankaima pakhomo la khitchini n'kuitana alamu ake, a Nellie, kuti adzathire. A Nellie ankabwera mosafulumira, ngati munthu amene wapemphedwa kutsegulira msonkhano ndi pemphero, ndipo ankathira wambiri dala.

Chinayambitsa zonsezi chinali matenda a mwamuna wake, Isaki Mabvuto. Isaki ankakama ng'ombe pa esiteti ina ya mzungu kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka, ndipo asanadwale ankanyamula zitini ziwiri za mkaka uku akuimba mluzu. Kenako kunabwera malungo achilendo. Thupi linkatentha masiku anayi kapena asanu, thukuta n'kunyowetsa mphasa yonse, kenako n'kuzizira, munthu n'kudzuka, kumeta ndevu, kuyamba kucheza. Mlungu usanathe malungo aja ankabwereranso. Msana unkawawa, mawondo ankawawa, ndipo lamba wa kabudula anali atamuboola mabowo awiri atsopano. Kwinini anamwa mpaka makutu kulira, koma sanathandize.

A Nellie, mlongo wake wamkulu wa Isaki, anachoka ku Mdeka kudzaona matendawo. Anamuyang'ana wodwalayo kamodzi kokha, n'kumuyang'ana Edina nthawi yaitali, ndipo ananena kuti limeneli ndi tsempho. Kwathu kuno aliyense amadziwa chimene mawuwo akuloza. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amaonda ndi kufooka, ndipo amati sachira mpaka mkaziyo ataulula dzina la chibwenzicho kuti mankhwala apangidwe. Edina anakana. Anakana pamaso pa a Nellie, anakana kwa atsibweni ake a Chande, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, anakananso kwa amayi anzake a Mvano. Koma pa nkhani ngati iyi, mkazi akakana mwamphamvu anthu amati ndiye kuti zilipodi. Mudzi unali wa Edina, nyumba inamangidwa pa malo a amayi ake, komabe kuyambira tsiku limenelo chikho cha mchere chinkagona kumutu kwa a Nellie.

Ntchito ya Isaki ku esiteti sinaime. Kumeneko munthu aliyense anali ndi tikiti yolembedwa dzina lake, ndipo wojomba nthawi yaitali ankalandidwa tikitiyo n'kupatsa wina. Ndiye anthu anali ndi njira yawoyawo: wina akadwala, m'bale wake ankakagwira ntchito pa dzina la wodwalayo. Kapitawo ankadziwa, anzawo onse ankadziwa. Amene sankadziwa ndi mzungu yekha, pakuti ng'ombe zake makumi asanu ndi limodzi ankazidziwa mayina ndi mawanga omwe, koma nkhope za anthu ozikama zinkamusokoneza. Choncho m'mawa uliwonse dzina la Isaki likaitanidwa, ankayankha ndi mng'ono wake Wyson, mwamuna wojintcha wa ana awiri, amene chala chake cha mkombaphala chinadulidwa ndi chikwanje ali mwana. Anzake ankamuseka kuti amakama ndi zala zisanu ndi zinayi koma amadya ndi zala khumi ndi ziwiri.

Chaka chimenecho ng'ombe za pa esitetiyo zinkapoloza motsatizana. Isaki asanagone, iye ndiye anali katswiri wopisa dzanja m'mimba mwa ng'ombe kuchotsa zotsalira, mkono wosavala kanthu mpaka m'phewa. Mkaka wa ng'ombe zopolozazo mzungu sankautumiza ku Blantyre. Ankausiyira okama, iwo n'kumaumwa wosawiritsa pomwepo kukhola, akuyamika kuti bwana chaka chino wafewa mtima.

Kenako kunamveka kuti dokotala wa ku Lirangwe, a Greyson, akuyenda pa njinga m'makola ndi m'madibi onse osambitsira ng'ombe kuchokera ku Lirangwe mpaka ku Chileka, akutenga magazi a anthu ogwira ng'ombe. Ankafuna kuona ngati nthenda yopolozetsa ng'ombeyo yalowanso mwa anthu, ndipo ankati azibwera miyezi itatu iliyonse. Nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa. Zipatala nthawi imeneyo zinali m'manja mwa boma la Chitaganya, ndipo anthu ankati magaziwo amakwera ndege pa Chileka pomwepa kupita ku Halale, kuti akapangire mankhwala oti anthu akuda asamabereke. Ine sindiwaseka anthu amenewo. Chaka chapitacho tinali titaona ndi maso athu asilikali akutsika ndege pabwalo lomwelo, ndipo munthu amene waona zotere sakhulupirira msanga kuti boma likumufunira zabwino.

Edina anamva mbali ina ya nkhaniyo. Potuluka m'tchalitchi, a Getrude, amene amuna awo ankagwira ntchito kudibi, anamuuza kuti dokotalayo amafunsa munthu aliyense ngati amamva malungo obwera ndi kupita, thukuta lambiri ndi kuwawa kwa msana. Edina anaima chilili panjira. Zonse zimene a Getrude anatchula zinali zogona pamphasa kunyumba kwake. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti pali chinthu china, chosakhala pakamwa pake, chimene chingamuyeretse.

Anamuchonderera Isaki masiku atatu. A Nellie anati mlongo wawo sapereka magazi kwa a Chitaganya iwo ali moyo. Koma tsiku limene dokotala ankafika ku esiteti linagwera pa masiku amene malungo anali atapuma, ndipo Edina anaumirira mpaka Isaki anavala malaya n'kunyamuka ndi Wyson. Isaki anabwerako dzuwa litapendeka, atapinda mkono wamanzere, dzanja lina litagwira pamtsempha. Edina atamufunsa, anayankha mawu amodzi: "Atenga." Analowa m'nyumba n'kukagona, ndipo Edina anapita kuseri kwa nkhokwe kukathokoza Mulungu.

A Chande anagwirizana ndi a kuchimuna kuti mlandu udikire kaye pepala la kuchipatala. Linatenga milungu itatu. Edina ankati akamva belu la njinga kumsewu, ankathamangira pakhomo kukasuzumira. Anasiya kupita kuchitsime nthawi imene amayi ambiri amatunga, chifukwa akafika macheza ankaduka. Ngakhale mwana wake Jane, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anabwera tsiku lina kudzafunsa chifukwa chimene anzake amanenera kuti manja a amayi ake ndi otentha.

Pepala linabwera Lolemba. Analibweretsa ndi kapitawo wa ku esiteti, n'kuliwerenga pansi pa mtengo wa mango, anthu atazungulira. Amuna anayi anapezeka ndi nthendayo ndipo ankafunika kupita kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kenako anafika pa dzina la Isaki Mabvuto. Kapitawoyo anakhosomola, osadzutsa maso, n'kuwerenga kuti alibe.

Apa ndiye a Nellie anasintha ngati nyengo ya Chiperoni. Munthu yemwe uja amene ankati jakisoni wa Chitaganya ndi wa Satana anatenga pepalalo ndi manja awiri n'kuyamba kuonetsa aliyense, ngakhale kuti kuwerenga sankadziwa. Ankati ngakhale azungu avomereza. Nthenda ya ng'ombe palibe, ndiye chatsala n'chiyani? Ankhoswe anagamula kuti Loweruka Edina atchule dzina la mwamunayo kuti mankhwala apangidwe. Akakana, ukwati uthere pomwepo, a Nellie amutenge mlongo wawo kupita naye ku Mdeka, ndipo akakafera kumeneko aliyense adziwe amene wamupha. Nthawi yonseyi Isaki anali gone m'nyumba, nkhope atalozetsa kukhoma.

Lachiwiri a Chande anamuitanira Edina kudimba. Anali munthu wachifundo, koma chifundo chake chinali chofuna kuti zinthu zithe msanga. Anamuuza kuti iwo sakumuweruza, koma pepala lamugwetsa.

"Tchula Athumani, mnyamata wa m'mudzi muno uja," anatero. "Anapita ku Joni mwezi wa Meyi. Akamadzabwera nkhani idzakhala itazizira. Anthu akufuna dzina basi, sakufuna munthu."

"Atsibweni, ine Athumani sindinamupatseko ndi moni wa dzanja."

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma mwamunayo akafa, udzayenda bwanji m'mudzi muno?"

Edina anatsanzika n'kunyamuka. Chimene chinamuopsa kwambiri n'chakuti pobwerera kunyumba anadzipeza akuliyesa dzinalo m'kamwa, kuona ngati lingatuluke. Linkatuluka bwinobwino. Anaganiza za Jane, amene adzakule akumva kuti amayi ake anavomera okha. Anaganiza za bulauzi yake yoyera ya Mvano, imene akanayenera kuivula. Ndipo panali mantha ena amene sankawauza munthu: bwanji ngati Isaki atafadi, iye atakana kuchita chinthu chokhacho chimene anthu onse ankati chimuchiritsa? Munthu ukanenedwa tsiku ndi tsiku umayamba kudzifufuza wekha, ngakhale ukudziwa kuti m'thumba mulibe kanthu.

Lachinayi ndi tsiku la Mvano. Edina anavala yunifolomu yake m'mamawa, anasiya Jane kwa amayi ake, ndipo a Nellie anangomuyang'ana n'kutsonya, poganiza kuti akupita kutchalitchi kukadzionetsa. Iye anadutsa tchalitchicho osaima. Anadula njira za m'minda mpaka ku Lunzu, ndipo kumeneko dalaivala wa lole yopita ku Matope, ataona zovala zake, anamukweza kumbuyo pa matumba. Sankadziwa bwinobwino chimene akukafuna ku Lirangwe. Ankangofuna kumuona ndi maso munthu amene analemba mawu aja.

Kachipatala ka ku Lirangwe kanali ka zipinda ziwiri, ndipo pakhonde panalibe mzere, chifukwa masiku amenewo anthu ambiri ankakazemba. A Greyson anawapeza akumata chubu cha njinga. Anali bambo wowonda wa imvi zochepa, ndipo pachipumi anali ndi bala lopola kumene, la mwala umene anawagenda nawo pamudzi wina. Anthu ankawatchula kuti wogulitsa anzake. Iwo ankangodziwa kuti ali ndi makola makumi awiri oti ayendere ndi bokosi limodzi la timabotolo.

Edina anapereka moni, anagwada, n'kufotokoza kuti ndi mkazi wa Isaki Mabvuto wa ku Chileka. A Greyson anasamba m'manja n'kutulutsa buku lalikulu. Anayendetsa chala mpaka anapeza dzinalo, ndipo anamuuza mokoma mtima kuti asade nkhawa, amuna ake alibe nthendayo. Ankaganiza kuti akumuuza nkhani yabwino. Edina anayamba kulira, ndipo kulira kwake kunawadabwitsa.

Atatonthola anafotokoza zonse: malungo obwera ndi kupita, mphasa yonyowa, msana, lamba, ng'ombe zopoloza, mkaka wosawiritsa. Za mchere anazinena pomaliza, maso ali pansi. A Greyson anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ikunka nikwinyika. Anati zimene akumvazo ndi nthendayo ndendende, koma sizikugwirizana ndi buku. Munthu aliyense amamufunsa ngati akudwala asanamubaye, ndipo apa analemba kuti Isaki anayankha kuti mutu wokha sunamupwetekepo chaka chonse.

"Amuna anuwo ndi owonda, mwatero?"

"Atsala mafupa okhaokha, adokotala."

"Ayi. Isaki amene ndinamubaya ine ndikumukumbukira, chifukwa ndi yekhayo amene ankaseka. Mkono ngati mtondo. Ndinamuuza kuti afumbate chibakera kuti mtsempha uoneke, iye n'kundiuza kuti chibakera chake n'choperewera." A Greyson anakweza dzanja lawo n'kupinda chala chimodzi. "Ichi analibe."

Edina anakhala pansi pakhondepo. Choyamba chimene anamva chinali kupepuka, ngati watula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera kuphiri. Pepala lija silinali kunena za mwamuna wake. Koma kupepukako sikunakhalitse. Anakumbukira Isaki akulowa pakhomo atapinda mkono, dzanja litagwira pamtsempha pomwe panalibe bala. Anakumbukira kapitawo akukhosomola. Anakumbukira Wyson, amene Lolemba lija anaima kumbuyo kwa anthu, manja ali m'thumba. Amuna atatu ankadziwa, ndipo mmodzi wa iwo ankagona naye nyumba imodzi.

A Greyson atamva za matikiti anapsa mtima, koma mkwiyo wawo unali wa buku lawo. Ankatsegula masamba uku ndi uku akudzifunsa kuti mwa mayina mazana awiriwa, angati ndi a eniake. Miyezi inayi akupalasa njinga, kugendedwa, kutukwanidwa, kuti alembe magazi a anthu abwinobwino pa mayina a odwala amene agona kunyumba. Atadekha anamuuza Edina zoona zake. Angathe kubwera kudzamubaya Isaki kunyumba. Nthendayo ili ndi mankhwala ku Blantyre, ngakhale amatenga milungu yambiri. Koma buku ayenera kulikonza, ndipo likakonzedwa mzungu wa esiteti adziwa kuti Isaki wake ndi anthu awiri. Tikiti ipita, ndipo onse awiri, mkulu ndi mng'ono, akhala opanda ntchito.

Edina anaganiza kanthawi. Tikiti imeneyo ndi imene inkadyetsa mabanja awiri, ndipo iye ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Kenako anawapempha a Greyson kuti abwere Loweruka m'mawa.

Anagona kwa mnzake wa Mvano pafupi ndi sitesheni ya sitima, ndipo anafika kwawo Lachisanu masana, mapazi atatupa. A Nellie anali atapita kwa sing'anga kukatenga mitengo ya mankhwala a mawa. Isaki anali kuseri kwa nyumba akuwothera dzuwa, atafunda bulangete. Edina anakhala pansi pafupi naye, osavula ndi duku lomwe.

"Bambo a Jane, ndionetseni pamene anakubayani."

Isaki anati panapola kalekale. Edina anamuuza kumene wachokera, ndi za chibakera choperewera. Mwamunayo anayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pafupi ndi nkhokwe. Kenako anayamba kufotokoza ndi mawu otsika. Tsiku lija anafikadi ku esiteti. Koma mzungu anali ataima pambali pa dokotala, ndipo kwa miyezi iwiri Isaki amene mzunguyo ankamuona anali Wyson. Isaki weniweni akanaimirira, chinyengo chonse chikanaululika. Komanso, ananena mosabisa, timabotolo tija ataationa titandandalikidwa m'bokosi, anachita mantha. Ndiye anakhala kuseri kwa khola la ana a ng'ombe mpaka njinga itachoka.

"Zimenezo ndazimva," anatero Edina. "Mantha ndi a tonse. Koma Lolemba, pepala likuwerengedwa, munali m'nyumbamu mukumva."

"Ndikanalankhula tikiti ikanapita, mayi a Jane."

"Ndiye mawa mukanangondiyang'ana ndikutchula mwamuna?"

"Ndimati mungotchula wina wake wakutali, zithe. Ine sindikanakusiyani. Ndikanakukhululukirani pamaso pa anthu onse."

Mawu amenewa ndi amene anamupweteka Edina kuposa zonse zimene a Nellie analankhula m'miyezi iwiri. Mwamuna wake anali atakonzeka kumukhululukira tchimo limene sanachite, ndipo ankaona ngati akumuchitira chifundo. Anamufunsa funso limodzi lokha, ngati iye mwini, mumtima mwake, amakhulupirira kuti ndi tsempho. Isaki anati sakudziwa. Anati munthu ukadwala nthawi yaitali umakhulupirira chilichonse chimene wokudwazika wanena. Edina anadzuka n'kukasintha zovala.

Loweruka anthu anasonkhana pansi pa mango uja. A Chande anakhala pampando, a kuchimuna pamphasa, a Nellie ndi kamtolo kawo ka mizu pamiyendo. Isaki anamutulutsa n'kumutsamiritsa pa tsinde. Wyson analiponso, pambali. Edina anali atatereka mphika wa nyemba m'mamawa, ndipo maso ake ankangopita kumsewu. Dzuwa linakwera, njinga osaoneka. A Chande anatalikitsa malonje mmene akanathera, anafunsa za mvula ya ku Mdeka ndi za anthu amene anamwalira kalekale, koma pomaliza anatembenukira kwa Edina n'kumuuza kuti anthu akudikira dzina.

Edina anamvetsera kumsewu komaliza, koma kunali zii. Ndiye anaimirira, ngakhale mkazi pa mlandu saimirira.

"Dzina ndili nalo," anatero. "Alamu a Wyson, kwezani dzanja lanu lamanja anthu alione."

Wyson sanakweze. Analibisa m'khwapa, ndipo kubisako kunanena zambiri kuposa kukweza. Edina anafotokoza zonse mwadongosolo. A Nellie anati limenelo ndi bodza la mkazi wogwidwa, ndipo anatembenukira kwa mlongo wawo kuti atsutse. Isaki anangoweramitsa mutu. Ndi Wyson amene anatopa nazo poyamba. Anati n'zoona, magazi anali ake, ndipo chiyambire Lolemba chakudya sichikumulowa.

Belu la njinga linamveka phokoso lili pakati. A Greyson anafika thukuta lili kamukamu, tayala litaphulika kawiri panjira. Ena mwa anthu aja ataona bokosi anayamba kusuntha chammbuyo. Dokotalayo anapereka moni kwa akuluakulu, anagwada pafupi ndi wodwalayo, anamugwira pachipumi ndi m'mawondo, n'kumufunsa ngati alola. Isaki anayang'ana singano, anayang'ana mkazi wake, kenako anatulutsa mkono m'bulangete. Unali wowonda moti mtsempha sanachite kuufunafuna.

Kabotolo katatsekedwa, a Nellie anapezanso mawu. Anati chabwino, tidikire pepala lachiwiri, ndipo mpaka libwere mchere azithirabe iwo. A Chande anagwedeza mutu kuvomereza, okondwa kuti nkhani yapeza pokhala.

Edina sanadikire. Analowa m'nyumba, anatenga chikho chija kumutu kwa mphasa ya a Nellie, anatuluka nacho ndi mphika wa nyemba, n'kuthira mchere anthu onse akuona. Anatakasa, anapakulira m'mbale, n'kukaika patsogolo pa mwamuna wake pamodzi ndi supuni.

"Bambo a Jane, inu mukundidziwa zaka zisanu ndi zitatu. Idyani."

Isaki anatenga supuni. Chimene Edina anaona, ndipo ife tonse tinachiona, n'chakuti supuni isanafike pakamwa, maso ake anayamba apita kwa mlongo wake. Anali kamphindi chabe. Kenako anadya, supuni zitatu, n'kunena kuti ndiwo zakoma.

Pepala lachiwiri linabwera patatha milungu itatu, ndipo linati Isaki Mabvuto ali nayo nthendayo. Tikiti inapita mlungu womwewo. A Nellie anabwerera ku Mdeka m'mamawa wina osatsanzika, n'kusiya mizu yawo pakhonde. Amayi a kuchitsime anayambanso kumupatsa moni Edina, ena mpaka kumuthandiza kusenza ndowa, aliyense akunena kuti iye sankakhulupirira zimene anzake ankanena.

Edina anamuperekeza mwamuna wake kuchipatala ku Blantyre ndipo anamudwazika milungu isanu ndi umodzi. Ankamusambitsa, ankamuphikira, mchere ankathira yekha. Atabwerera kumudzi anadikira mpaka Isaki atayamba kuyenda wopanda ndodo ndi kugwira khasu. Tsiku limene anamuona akubweza lamba pa bowo lakale, anachapa malaya ake awiri ndi bulangete, anazisita, anazimanga bwinobwino m'kansalu, n'kutuma uthenga kwa a Chande kuti aitane ankhoswe a kuchimuna adzatenge munthu wawo, wachira.